Thanki yanga ilibe nsomba koma akuti ndiziidyetsa, thandizeni abale

Mnyamata_wa_pa_Boma, Dedza

Moni nonse abale anga. Ndine watsopano pa zoweta nsomba za m'galasi nde mundikhululukire ngati funsoli munaliyankha kale. Ndapangitsa thanki kwa bambo wina wodula magalasi konkuno pa boma, mulitali 90 cm, mulifupi 35, kupita mmwamba 40, nditaika miyala ndi mchenga madzi akulowa pafupifupi malita 100. Silikoni amene anamatira ndi uja wopanda mankhwala a nkhungu, ndinachita kuwerenga ndekha pa chubu. Ndili ndi fyuluta ya siponji yoyendera kapampu ka mpweya, hita ndilibe pakadali pano. Cholinga changa ndi mbuna, tinsomba ta m'miyala ta m'nyanja ya Malawi, makamaka zachikasu zija, ndinaziona ku Cape Maclear pa ulendo wa sukulu ndipo mpaka lero sizinandichoke mumtima.

Vuto lili apa. Alamu anga akuti tunga madzi, uwasiye agone masiku atatu klorini achoke, ponya nsomba basi yatha. Koma mnzanga wina amene amaweta ku Lilongwe wandiletsa, akuti thanki iyambe yayenda yopanda nsomba kwa mwezi kapena kuposa ndipo ndiziwazamo chakudya cha nsomba ngakhale mulibe chamoyo. Ndamumvera, ino ndi sabata yachitatu ndikuwaza tichakudya pang'ono pang'ono, wandibwereka ndi kabokosi koyezera madzi ka kampani ya API ka timabotolo kaja. Ammonia akuonetsa kubiriwira pakati pa 1 ndi 2, nitrite ndi buluu yemweyo wa ziro sakusuntha olo pang'ono, pH 7.4. Madzi sabata yoyamba anatuwa kenako anayera okha mbee. Ine ndikaona mmene ayereramo mtima ukuti zatheka koma timabotolo tikukana, ndipo kunyumba ayamba kufunsa kuti thanki ya madzi okhaokha pabalaza ndi ya chani.

Nde ndikulakwitsa pati? Kodi ndi kuzizira kwa June kuno? Ndipitirize ndi chakudyachi kapena pali njira ina yabwino, nanga ndidzadziwa bwanji kuti tsopano nsomba zitha kulowa osafa?

Ticha_wa_Sayansi, Lizulu

Achimwene, mnzanu wa ku Lilongweyo wakuuzani zoona ndipo musamutaye. Alamu anu sakunama pa za klorini, madzi a pa mpopi akagona m'ndowa yosavindikira makamaka muli kapampu kakuphulitsa thovu klorini wamba amauluka ndithu. Koma klorini ndi vuto la tsiku loyamba lokha. Chimene chimatha nsomba m'thanki yatsopano chimachokera m'nsomba momwemo. Nsomba ikadya imatulutsa ammonia, wambiri amatulukira popumira pake paja m'mbali mwa mutu, wina amachokera ku chimbudzi chake ndi chakudya chotsala chikamaola. M'nyanja zimenezi zimangosowa m'madzi osawerengeka aja koma mu malita 100 zimaunjikana. Ammonia amaotcha popumirapo, mudzaona nsomba ili pamwamba ikuyasamula, yasiya kudya, yapinda zipsepse, kenako zimayamba kufa imodzi imodzi madzi ali oyera bwinobwino.

Amene amachotsa ammonia si siponji ija ayi. Ndi mabakiteriya amene amamera pa siponjiyo, pa miyala, pa mchenga, ngakhale pa galasi penipeni. Alipo magulu awiri. Loyamba, monga Nitrosomonas, limadya ammonia n'kumusandutsa nitrite. Nitrite nayenso ndi poizoni woopsa, amalowa m'magazi n'kuononga chimene chimanyamula okosijeni, magazi amasanduka abulawuni ndipo nsomba imabanika ngakhale mpweya m'madzimo uli wokwanira. Gulu lachiwiri limatenga nitrite uja n'kumusandutsa nitrate, amene ndi wofatsa, timangomuchepetsa posintha madzi sabata ndi sabata. Mabuku akale ankati gulu lachiwirili ndi Nitrobacter koma kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anaonetsa kuti m'mathanki a madzi opanda mchere ntchito yaikulu amagwira ndi Nitrospira. Nde pamene mukuwaza chakudya muja simukudyetsa madzi, mukulera magulu awiriwa kuti nsomba zikamadzafika zidzapeze ogwira ntchito alipo kale okwanira.

Chimene chimatopetsa anthu ndi choti mabakiteriya amenewa ndi ochedwa kuswana. Amene amaoletsa ndiwo amatha kuchuluka kawiri pa mphindi 20 kapena 30, pamene athuwa amafuna maola 15, 24 kapena kuposa, ndipo pamenepo zinthu zili bwino. Kutuwa kwa madzi kumene munaona sabata yoyamba kuja anali ofulumira aja akudya chakudya choola, atatha kudya madzi anayera, koma zimenezo sizikukhudzana ndi ammonia olo pang'ono. Maso sangakuuzeni kanthu pa nkhani iyi, khulupirirani timabotolo.

Tsopano za kuzizira, mwaganiza bwino ndipo ine ndikuti vuto lanu lagona pomwepo. Dedza boma ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, June ndi July mukudziwa nokha mmene kumakhalira mmawa, kuno ku Lizulu ndi chimodzimodzi. Mabakiteriyawa amakonda madigiri 25 mpaka 30, madzi akatsika pansi pa 18 amafooka kwambiri. Pezani themomita muyeze mmawa musanatsegule mawindo mudzatiuze. Hita mugule lero lomwe ngati ndalama ilipo, ya mawati 100 kapena 150 pa malita anuwo, chifukwa mbuna sizingakhale kumapiri kuno popanda hita nde ndi chinthu choti mudzagulabe. Muiike pa 28 pa nthawi yolera mabakiteriyayi.

Za chakudya, chimagwira ntchito koma simudziwa kuti mwaika ammonia wochuluka bwanji, chimayamba chaola kaye, chimadetsa mchenga komanso chimabweretsa ndere. Ine ndimakonda ammonium chloride ngati mungampeze, kapena feteleza wa SA uja, sulphate of ammonia wa 21%, amene ena amathira m'dimba la ndiwo zamasamba. Sungunulani magalamu 10 mu lita imodzi ya madzi, musunge m'botolo lolembedwa bwino kutali ndi ana. Pa malita 100 mukathira 75 ml za madzi amenewo ammonia amafika pafupifupi 2 ppm, kutanthauza mamiligalamu 2 pa lita iliyonse. Kasikelo kakang'ono mutha kubwereka, sirinji ya ku famase imathandiza poyeza. Urea ayi, amayenera kusweka kaye nde timabotolo tidzakusokonezani. CAN ali kale ndi nitrate, NPK ali ndi phosphate adzakudzadzirani ndere, amenewo asiyeni kumunda. Ndipo musaganize kuti kuthira wambiri ndi kufulumizitsa, mukadutsa 4 kapena 5 ppm zinthu zimachedwa kwambiri. Poti muli kale ndi 1 mpaka 2 musathire kanthu panopa, popani chakudya choola chili pansicho ndi kapaipi, yatsani hita, mudikire.

Madala_a_Kampepuza

Ana inu mukudzivutitsa bwanji. Ine ndili ndi madamu awiri a makumba ndi chilunguni zaka zambiri ndithu ndipo sindinayezepo madzi ndi botolo lililonse, timathira chitosi cha nkhuku madzi abiriwire, kenako mbewu ya nsomba, basi zimakula. Mwana wanga ngati ukuopa kutaya mbuna zodula bwera ndikupatse timilamba tiwiri, mlamba sufa wamba umapuma ngakhale mpweya wa kunja, ukhale mmenemo mwezi ukukonzere madziwo kenako uuchotse. Kusiyana ndi kuthira feteleza m'nyumba.

Mayi_wa_Goldfish, Ntcheu boma

Bambo a ku Kampepuza ulemu wanu, pa za madamu ife ndi ana kwa inu ndipo sitingakutsutseni. Koma damu ndi thanki ndi zinthu ziwiri. Damu lanu lili ndi dothi pansi lodzadza kale ndi mabakiteriya, lili ndi dzuwa, ndipo kubiriwira kumene mumafuna kuja ndi ndere zing'onozing'ono zimene zimamwa ammonia tsiku lonse, kuphatikizapo madzi ake ndi malita zikwizikwi. Galasi la mwanayu ndi latsopano, mulibe chilichonse. Mlamba sufa msanga zoona koma umavutikabe, popumira pake pamapsa chimodzimodzi ungoti sulankhula, komanso nsomba ya m'damu itha kubweretsa tizilombo ta pakhungu timene tidzatsalire m'thanki kudikira mbuna. Ine mtima wanga sulola kuti chamoyo chizunzike pa ntchito imene kabotolo ka feteleza kangagwire.

Achimwene a pa boma, ine ndili ndi thanki ya goldfish imene yakhala ikuyenda kwa zaka ndipo nsomba zake sizinadwalepo posachedwapa. Njira yachidule yeniyeni ndi iyi, kutenga siponji ya m'thanki yakale n'kuiika mwanu. Zili ngati chambiko, mukathira pang'ono cha dzulo mu mkaka watsopano chimagwira msanga kusiyana ndi kungousiya wokha. Madzi a m'thanki yanga sangakuthandizeni kwenikweni chifukwa mabakiteriyawo sakhala oyandama, amamatirira pa zinthu, koma siponji yakuda bii ija imene anthu amanyansidwa nayo ndi imene ili ndi chuma chonse. Ndili ndi masiponji awiri, imodzi nditha kuidula pakati. Ndingaiike m'jumbo ndi timadzi pang'ono, kusiya mpweya wambiri pamwamba, n'kupatsira munthu pa minibasi, Ntcheu kukafika Dedza sipatenga tsiku nde imafika ili moyo bola isaume komanso isakhale padzuwa. Ikafika musaitsuke, muifinyire pa siponji yanu madzi ade bii, kenako muimangirire pomwepo. Mawa lake madzi adzayera okha.

Zina zimene aphunzitsi sananene koma ife amayi timaziona chifukwa ndife timakhala ndi ndowa. Gulani ndowa yatsopano ya nsomba zokhazokha muilembe ndi penti, aliyense m'nyumba adziwe kuti iyi sachapiramo, sakolopera, satungira madzi a kubafa. Sopo pang'ono chabe amapha. Kuyambira nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 ija makomo ambiri anazolowera kuthira klorini kapena WaterGuard m'madzi akumwa, ndi chinthu chabwino kwa anthu ndipo musasiye, koma madzi amenewo asayandikire thanki chifukwa klorini ntchito yake ndi kupha mabakiteriya, sasankha kuti awa ndi a kolera awa ndi a fyuluta. Madzi a pa mpopi muzithira mankhwala ochotsa klorini, Seachem Prime kapena aliyense amene ali ndi sodium thiosulfate, anthu opita ku Lilongwe kapena ku Johannesburg amatha kukugulirani ndipo kabotolo kamodzi kamakhalitsa. A pa mjigo alibe klorini koma muwayeze kaye, ena amabwera ndi nitrate wawo kale makamaka kufupi ndi minda ndi zimbudzi. Siponji ikadzada mtsogolo muno muzingoifinya m'madzi amene mwachotsa m'thanki, osati pa mpopi. Ndipo tsiku lopopera mankhwala a udzudzu kapena mphemvu pabalaza vindikirani thanki ndi kuzimitsa kapampu kwa kanthawi chifukwa kamakoka mpweya wa m'chipindamo n'kuulowetsa m'madzi.

Nkhani ya magetsi nayo musaiiwale. Mabakiteriyawa amapuma okosijeni nde madzi akasiya kuyenda kwa nthawi yaitali amayamba kufooka. Mwachita bwino kusankha siponji chifukwa imakhala m'madzi ambiri, fyuluta zotsekeka za kunja zija ndi zimene zimabanika msanga magetsi akathima. Pali timapampu ta USB timene timayenda ndi powerbank, kanga kamayenda usiku wonse. Ngati mulibe tungani madzi a m'thankimo ndi kapu n'kumawathira kuchokera mmwamba kangapo pa ola. Za kutentha, malita 100 sazizira msanga, fundikani bulangete kuzungulira galasi ndi pamwamba, ndipo kuseri ndi pansi ikani katoni kapena zoyera zopepuka zija zimabwera m'makatoni a TV ndi firiji, zimasunga kutentha ndipo mayunitsi sathanso msanga.

Wa_ku_Mtakataka

Aise ndawerenga zonse, aphunzitsi ndi amayi anena zomveka. Ine ndinakulira kunyanja nde ndingoonjezera za mbunazo chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti poti ndi nsomba za kwathu ndiye n'zosavuta.

Madzi a m'nyanja yathu pH yake imakhala kuyambira cha m'ma 7.7 mpaka 8.6 ndipo pamwamba amatentha madigiri 24 kufika 28 kapena 29 malingana ndi nyengo. Apa ndi pamene nkhani ya kudikira ikukukhudzani kuposa wa goldfish. Ammonia amene kabotolo kamayeza ali mitundu iwiri, wina wofatsa wina woopsa, ndipo pH ikamakwera woopsayo amachuluka. Pa madigiri 25, pa pH 7 woopsa ndi theka chabe la 1 pa 100 aliwonse, koma pa pH 8 ndi pafupifupi 5 pa 100, kuchuluka kakhumi. Ndiye kubiriwira pang'ono kwa m'kachubu koyezera ammonia kumene nsomba zina zingapirire, m'thanki ya mbuna ndi maliro. Chinanso mbuna sitiika imodzi imodzi ngati nsomba zina, yoyamba kulowa imagwira miyala yonse kukhala yake n'kumaluma aliyense wobwera pambuyo, nde zimafunika kulowa zonse tsiku limodzi zikadali zazing'ono. Kuti zimenezi zitheke fyuluta ikhale itakhwima kale yokwanira nsomba zonsezo. Njira ya mlamba ija imalera mabakiteriya okwanira mlamba wokhawo.

Zachikasu zimene munaona ku Cape, ngati zinali ndi mizere yakuda yoyenda kuchokera kumutu kukafika kumchira, mwina ndi Melanochromis auratus. Ndi yokongola koma yaukali zedi, yamphongo ikakula imada ndipo mu 90 cm itha kutha zinzake zonse. Imene ndingakulimbikitseni ndi Labidochromis caeruleus, yachikasu thupi lonse ndi kamzere kakuda pa chipsepse cha pamsana, kwawo kwenikweni ndi ku Lion's Cove kumpoto kwa Nkhata Bay ndipo ndi yofatsa poyerekeza ndi mbuna zina. Zisanu kapena zisanu ndi imodzi, yamphongo imodzi zotsalazo zazikazi, miyala yambiri younjika kuti pakhale mapanga. Musaonjezere mitundu ina m'kathanki kameneko.

Ndipo chonde musatume munthu kuti akakugwirireni ku Cape Maclear, Thumbi kapena Otter Point. Kumeneko ndi Lake Malawi National Park, inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zomwezi, kugwira mbuna mmenemo ndi mlandu. Ntchito yotumiza nsombazi kunja imachitika ndi chilolezo, ambiri amadziwa malo amene malemu Stuart Grant anayambitsa ku Kambiri Point kufupi ndi Senga Bay. Inu funani kwa anthu amene amaswetsa m'mathanki, zoswedwa m'thanki zinazolowera kale galasi ndi chakudya cha m'botolo.

Wina adzakuuzani kuti tengani mchenga wonyowa kapena miyala ya m'nyanja kuti mabakiteriya abwere msanga. Mabakiteriya alipodi koma pamabweranso nkhono, ndipo nkhono zina za m'mphepete mwa nyanja ndi m'madambo ndi zimene zimasunga likodzo, inu muzidzapisa manja mmenemo sabata iliyonse. Siponji ya amayi a ku Ntcheu ndi yabwino kuposa zimenezo. Miyala ya ku Dedza konko ndi yokwana, ingoikwechani ndi bulashi popanda sopo. Mukadonthezera viniga pa mwala n'kuchita thovu ndiye kuti uli ndi laimu, kwa mbuna umenewo ndi wabwino chifukwa umathandiza pH isagwe.

Tsiku lodzatenga nsomba ngati zikuchokera kuno kumunsi kukwera nazo msewu wa Golomoti, muziike m'kula bokosi. Kuchoka ku Mtakataka kukafika pamwamba pa phiri mphepo imasintha moti ngakhale munthu amafuna juzi, nde kajumbo ka madzi pang'ono kamazizira msanga.

Mnyamata_wa_pa_Boma, Dedza

Zikomo kwambiri nonse, bambo a ku Kampepuza zikomo chifukwa cha mtima wanu wofuna kundipatsa milamba, ndidzabwera kudzaona madamuwo koma pa thankiyi ndiyenda ndi njira yopanda nsomba. Aphunzitsi munalondola, themomita inaonetsa 16 mmawa. Hita ndinaipeza ya mawati 150, ndafundika bulangete ndi katoni kuseri monga amayi ananenera ndipo ikukhazikika pa 28. Patatha masiku owerengeka ammonia anayamba kutsika ndipo kabotolo ka nitrite kanasintha kuchoka pa buluu kupita ku pepo, ndinaitana aliyense m'nyumba kuti adzaone. Ndinapanga madzi a SA aja ndipo ndakhala ndikuthira 75 ml tsiku lililonse chifukwa ammonia akumatha pofika mawa lake.

Koma tsopano kwabuka china. Nitrite wafika pepo wakuda, dontho likangogwa m'kachubu limasintha pompo ndisanagwedeze nkomwe, ndipo sakutsika. Dzulo ndi lero ammonia nayenso wayamba kutsalira, pH yatsika kufika 6.6. Nitrate akuonetsa olenji. Kodi ndapha mabakiteriya aja? Amayi a ku Ntcheu siponji ija ndikuifuna ndithu ngati mwayi ukadalipo. A ku Mtakataka zinali za mizere yakuda ndithu, nde ndasintha maganizo ndifuna za ku Nkhata Bay zo.

Ticha_wa_Sayansi, Lizulu

Simunaphe kanthu achimwene, mtima pansi. Gulu loyamba lakhazikika ndipo likugwira ntchito mwamphamvu, lachiwiri ndi limene likadali lochepa chifukwa silikanayamba kukula nitrite asanapezeke, komanso mwachibadwa ndi lochedwa kuposa loyamba. Gawo ili ndi limene limatenga nthawi yaitali pa ulendo wonsewu, kawirikawiri kuposa la ammonia lija, ndipo anthu ambiri amagwa ulesi pomwepa.

Taonani masamu ake. 1 ppm ya ammonia ikadyedwa imabala pafupifupi 2.7 ppm ya nitrite, kenako pafupifupi 3.6 ya nitrate. Inu mwakhala mukuthira 2 ppm tsiku ndi tsiku, ndiye tsiku lililonse mukuonjezera nitrite woposa 5 pamene tchati cha kabokosi kanuko chimathera pa 5 pomwepo. Mwina muli ndi 20 kapena 30 koma kabotolo sikangakuuzeni, kamangoonetsa pepo yemweyo. Chitani izi. Chotsani theka la madzi muike ena ochotsedwa klorini komanso ofundirako, asakhale ozizira a mmawa. Yezani, ngati akadali pepo wakuda sinthaninso mpaka mtundu uzitha kuwerengeka pa tchati, cha m'ma 2. Musaope kuti mukutaya mabakiteriya, ali pa siponji ndi pa miyala, bola musakhudze fyuluta. Kenako chepetsani SA, 35 kapena 40 ml pakadutsa masiku awiri kapena atatu ndi zokwana, gulu loyamba silifa ndi njala ya masiku awiri.

Kutsika kwa pH ndi chizindikiro choti ntchito ikuyenda. Mabakiteriyawa akamadya ammonia amatulutsa asidi ndipo amagwiritsa ntchito carbonate wa m'madzi, pa miligalamu imodzi iliyonse ya nitrogen pamapita pafupifupi mamiligalamu 7 a mphamvu imene imagwira pH kuti isagwe. Ikatha pH imatsika, ndipo pansi pa 6.5 amachedwa kwambiri, ikafika cha m'ma 6 amangoima. Ndi chifukwa chake ammonia wanu wayamba kutsalira. Mankhwala ake ali kukhitchini, soda wophikira therere uja, bicarbonate, osati baking powder wa zitumbuwa ndi makeke. Sungunulani supuni yaing'ono imodzi m'kapu ya madzi muthire, mudikire ola muyeze, ngati pH sinadutse 7.5 onjezerani theka. Poti mulibe nsomba palibe chimene chingadzidzimuke, uwu ndi ubwino wina wa njira imeneyi. Nsomba zikadzalowa zinthu ngati izi muzidzachita pang'onopang'ono.

Nitrate wa olenjiyo musamukhulupirire kwambiri panopa, nitrite akachuluka amasokoneza kayezedwe kake. Mudzamuyeze bwino nitrite akadzatsika, ndipo kumbukirani kuti botolo lachiwiri la nitrate limafuna kugwedeza mwamphamvu masekondi 30 musanadontheze, kenako kachubu mphindi imodzi, apo ayi limanama kuti ndi ziro.

Tsiku lina mudzadzuka n'kupeza nitrite wagwa kufika pa buluu, zimachitika mwadzidzidzi pa tsiku limodzi kapena awiri. Musathamangire nsomba tsiku lomwelo. Thirani 75 ml zonse zija, mudikire maola 24, muyeze. Ngati ammonia ndi wachikasu wa ziro ndipo nitrite ndi buluu wa ziro, bwerezani kawiri kapena katatu masiku otsatizana. Zikamatuluka chimodzimodzi thanki yakhwima. Ambiri zimawatengera masabata 4 mpaka 6, ena 8, inu muwerenge kuyambira tsiku limene munayatsa hita chifukwa masabata a madigiri 16 aja panachitika zochepa, ndipo siponji ya amayi ikabwera idula nthawi ndithu. Ngati nsomba zachedwa kupezeka pitirizani kuthira SA pang'ono masiku awiri kapena atatu aliwonse. Kutatsala tsiku limodzi kuti zifike siyani SA, sinthani madzi ambiri, 70 kapena 80 pa 100, kuti nitrate atsike pansi pa 20, tsitsani hita pa 25 kapena 26. Zikalowa muzidyetsa pang'ono ndipo muziyeza tsiku lililonse kwa sabata yoyamba.

Mayi_wa_Goldfish, Ntcheu boma

Mwayi ulipo achimwene. Mng'ono wanga akupita ku Lilongwe Loweruka mmawa nde ndimupatsira, atsikira nayo pa Dedza roadblock mudzamudikire pamenepo, tilumikizane ku inbox za nthawi. Madzi aja musinthiretu Lachisanu ndipo soda muthiretu kuti siponjiyo idzapeze pH ili bwino komanso nitrite atatsika. Musathire madzi a pa mpopi osachotsa klorini tsiku limenelo ngakhale kapu imodzi. Ndiikamonso timiyala ta pansi pa thanki yanga todzadza dzanja, timeneto muike mu sokosi yoyera yosachapidwa ndi sopo n'kuipachika pafupi ndi pamene thovu likutulukira kuti madzi azidutsamo.